Osasiya Waya, Alamu

Masana dzuwa likuswa mtengo, poimika magalimoto pa chipatala panali kagalimoto kodzaza ndi mapaipi, ndipo m'kati mwake munali amuna awiri akuchucha thukuta: Pulambala, amene mkazi wake anali m'wodi kukachira mwana wachitatu, ndi mlamu wake, mlonda wa pageti pa kampani ina, munthu woti ukamuuza kuti ima apa umadzampeza pomwepo mawa. Foni ya Pulambala inali pa chaja ya m'galimoto, itatsala ndi kamzere kamodzi kofiira.

"Alamu, taonani. Chiilumikizireni, kamzere nkomweka."

"Kafiira bwino," anatero mlonda.

"Sindikufunsa mtundu! Mwamumva mlongo wanuyo mmene wanenera polowa muja?"

"Ndamumva. Wati woyamba anabadwa inu muli padenga la eni ake kukonza thanki. Wachiwiri anabadwa inu muli m'ngalande mpaka m'chiuno. Wati lero akaimba foni inu osayankha, muzikagona ndi mapaipi anu."

"Zogona ndi mapaipi sizindiopsa," anatero Pulambala, mawu atatsika pang'ono. "Chimandiwawa nchakuti awiri aja ndinawapeza atazungulira kale m'manja mwa mtundu wonse, mpaka aneba. Uyu yekha ndikufuna ndiyambe ndine kumunyamula."

"Nanga bwanji osakakhala pa benchi pakhomo la wodi?"

"Anamwino andithamangitsa. Akuti ndikadikire panja, andiimbira."

"Munawauza kuti mpopi wawo wa m'khonde ukudontha. Kenako munaumasula."

"Unkadonthadi!"

"Pano ukuthira."

"Izo zisiyeni. Nkhani ndi foniyi, idzaze msanga."

"Alamu, inetu m'thumbamu ndili ndi yanga. Mwina titati..."

"Aaa! Mwana wanga ndimumvere pa foni ya munthu wina? Ayimba nambala yanga, ndiyankha pa foni yanga. Tamverani. Magetsi ndi madzi, alamu. Kusiyana kwake nkwakuti ena amanyowetsa, ena amaluma. Batire ya galimoto ndiye thanki, wayawu ndiye paipi, foni ndiye ndowa. Mwamva?"

"Foni ndiye ndowa."

"Eya. Tsono ndowa ikamachedwa kudzaza, ndiye kuti m'nyumbamo muli mipopi ina yotsegula. Ine ndikasuzumire kutsogoloku. Inu tsekani chilichonse chimene chikumwa magetsi muno, kupatula injini."

"Chilichonse?"

"Chilichonse!"

Pulambala anatuluka kukatsegula boneti. Mlonda anazimitsa wailesi. Anazimitsa fani. Anazimitsa kagetsi ka padenga. Kenako anayang'ana foni ija, naona kuti nayonso ikuwala, ndipo poti lamulo ndi lamulo, anaidina pambali mpaka inathima. Pulambala pobwerera anaitola, nagwira m'mutu.

"Mayo ine! Yafa!"

"Yazima, alamu."

"Nzomwezo! Kamzere kaja kapita!"

"Si paja munati chilichonse? Ndiye ine ndai..."

"Khalani chete, ndikuganiza!" Anaunyamula waya uja, nauyang'anitsitsa ngati wamulakwira. "Ehe! Ndaliona vuto. Taonani mmene wapotanira. Paipi yokhota chonchi madzi angathamange? Akafika pakona amayamba aima kaye. Gwirani apa. Dzanja lina apa. Kokani, uwongoke."

Mlonda anaugwira waya ndi manja onse awiri, naukoka mpaka unati nga.

"Chonchi?"

"Chomwecho. Tsono mundimvetse, alamu. Kaya kugwe chiyani, osasiya waya."

"Ngakhale ntchentche itanditera pamphuno?"

"Ngakhale njuchi."

"Ngakhale foni italira?"

"Foni yafa, ilira bwanji? Inu mumaganiza ndi chiyani kodi?"

"Chabwino. Osasiya waya."

Anadikira. Foni inali bii. Pulambala anaigwedeza pafupi ndi khutu kuti amve ngati mwalowa kanthu.

"Muli kuphokosera?" anafunsa mlonda.

"Mulibe ndi dontho lomwe. Koma ndine chitsiru bwanji! Ndowa ndaiika pamwamba pa thanki! Munaonapo madzi akukwera phiri?"

"Pa windo lomweli ndinaonapo nyerere."

"Ndati madzi!"

"Madzi ayi."

Pulambala anatsegula chitseko, natsika, nagona chagada pa phula lotentha, foni ili pachifuwa. Waya unachoka ku chaja, kudutsa m'manja mwa mlonda, kutsikira pansi.

"Akutsika?"

"Ine sindikuwaona, alamu."

"Chitsetse chachepa. Thanki iyenera kukwera."

Anadzuka, natulutsa jeke pakati pa mapaipi, nayamba kujeka galimoto cha kutsogolo. Kagalimoto kanadzutsa mphuno. Mapaipi anagubuduzikira kumbuyo, mlonda anapendekeka pampando mpaka chipewa chinamugwa, koma waya sanausiye. Anthu odzaona odwala anayamba kuchepetsa liwiro podutsa pamenepo, ena kuiwala ndi odwala awo omwe.

"Alamu, chipewa changa."

"Chigone pomwepo. Tsopano chatsala nchimodzi. Paipi ikakhala nthawi yaitali osayenda madzi, mumalowa mpweya. Mpweyawo ndi umene umatsekereza."

"Ndiye mumautulutsa bwanji?"

"Timayamwa."

Anazula waya ku foni, naika kansonga kake pakamwa, nayamwa ndi mphamvu zonse mpaka masaya analowa m'kati. Mwadzidzidzi analumpha, nalavula.

"Andiluma lilime! Afika, alamu, afika!"

"Akukoma?"

"Ngati khobidi lakale. Musagwedezeke!"

Anaubwezera waya ku foni mofulumira kuti magetsi asatayike, nagonanso pa phula. Pomwepo panamveka kulira kwapansipansi: vuuu, vuuu.

"Mwamva?" ananong'ona Pulambala, maso ali mwaa. "Paipi ikamanjenjemera choncho ndiye kuti madzi ali m'njira."

"Ndi m'thumba mwanga, alamu."

"M'thumba mwanu? Magetsi anga akukatani m'thumba mwanu?"

"Ndi foni yanga. Ikulira."

Pulambala anadzuka pang'onopang'ono, nkhope itasintha.

"Ohoo. Ndiye nkhani yake ndi imeneyi. Ine ndikuvutika pansi pano, kuyamwa mawaya, phula likundiwotcha msana, chonsecho magetsi akukhotera m'manja mwanu, kutsika ndi mkono, kukathira m'ndowa yanu!"

"Ayi, alamu, pali munthu akundi..."

"Yafika pati foni yanuyo?"

"Ndi yodzaza."

"Mwaona! Yodzaza!"

"Ndinaitchaja ku ntchito."

"Ku ntchito kuti! Yadzaza ndi anga! Nchifukwa chake ikubuula choncho, yakhuta. Anthu olumikiza mipopi mobera ndimawadziwa ine, koma sindimayembekezera kuti ndingawapeze m'banja momwe."

"Ndiyankhe?"

"Muyankha ndi chiyani? Manja ali pa waya."

"Ndiye ndisiye waya?"

"Osasiya!"

"Chabwino."

Vuuu, vuuu. Kenako zii. Pulambala anatenga tepi yoyera ya mapaipi, nayamba kumukulunga mlamu wake m'mikono, kuyambira pachikhatho mpaka m'chigongono. Mlonda anangokhala phee, ngati kukulungidwa ndi tepi ndi mbali ya ulonda.

"Pakudontha timamanga," anatero Pulambala, akudula tepi ndi mano. "Tione tsopano ngati adutsenso."

Vuuu, vuuu.

"Akudutsabe! Inu thupi lanu nlobooka pati?"

"Malo ake ndi omwe aja a anthu onse, alamu."

"Tsekani pakamwa, mwina akutulukira pamenepo."

Mlonda anatseka pakamwa. Patapita kanthawi anayamba kung'ung'udza, akuloza ndi chibwano ku nyumba ya chipatala.

"Nchiyaninso?"

"Mmm. Mmm."

"Lankhulani!"

"Ndatsegula chifukwa mwandiuza ndinu. Kwinakwake kukulira khanda."

"Pano ndi pachipatala, makanda amalira. Si wanga ameneyo."

"Mwadziwa bwanji?"

"Wanga akanabadwa, foni yanga ikanalira. Yalira?"

"Sinalire."

"Basi."

"Komanso pa windo lapansi lija pali munthu akutikodola."

"Musamuyang'ane. Waona mapaipi, akufuna ndikamukonzere sinki mwaulere."

"Wafanana ndi mlongo wanga."

"Anthu amafanana."

"Wanyamula kanthu m'nsalu."

"Anthu amanyamula zinthu! Alamu, kodi muli mbali yanga kapena mbali ya ndani? Ine mtima uli m'mwamba, mwana wanga akhoza kubadwa nthawi ina iliyonse, inu muli kalikiliki kuonera mawindo!"

Vuuu, vuuu.

"Ayi, zakwana! Mpopi wakubawu ndiutseka ndekha."

Anapisa dzanja m'thumba la mlamu wake, nasolola foni. Chala chili pafupi kuizimitsa, anaona dzina la woimbayo. Panalembedwa kuti Mlongo. Pulambala anadina poyankhira, ndipo mawu a mkazi wake anatuluka mokweza moti ndi mlonda yemwe anamva.

"Achimwene, mwayankha tsopano?"

"Ndi... ndine, mayi."

"Ooo, ndinu. Tatembenukani. Ayi, osati uko. Ku windo."

Pulambala anatembenuka. Pa windo lija panali mkazi wake, atatsamira mapilo, foni ili kukhutu, kansalu kali pachifuwa.

"Wabadwa kalekale. Wamkazi. Kupatula azamba ndi ine, palibe amene wamugwira. Anamwino apempha, ndakana. Mayi a bedi loyandikana nalo apempha, ndakana. Ndimasungira inu, bambo ake."

Pulambala misozi inalengeza.

"Ndaimba foni yanu, yozima. Ndaimbanso, yozima."

"Inafa, mayi! Batire inathe..."

"Sinafe, alamu," anatero mlonda. "Ndinaizimitsa ine."

"Mwati chiyani?"

"Munati nditseke chilichonse chomwa magetsi. Pa zonse zinali muno, imene imamwa kwambiri inali iyoyo. Yokhayo ndi imene inali ndi paipi yakeyake."

"Osandiuza bwanji?"

"Ndinayamba. Munati mukuganiza."

Pulambala anatola foni yake pa phula, naidina pambali. Inayaka bwinobwino, batire ili yobiriwira mpaka kukamwa. Ndipo apa ndi pamene munthuyu anadzipha yekha, chifukwa m'malo mogwada, nkhope yake inawala.

"Yadzaza! Alamu, yadzaza! Ndimanena ine! Chitsetse chija, ndi mpweya uja ndinayamwa..."

"Ndinakuonani mukuyamwa," anatero mawu a pa foni. "Wodi yonse inakuonani. Azamba anachita kukhala pansi. Ndiye pakamwa pomwepo mudzampsompsone mwana wanga? Manja a girisi omwewo?"

"Ndisamba, mayi! Pa mpopi wa m'khonde..."

"Umene munamasula uja? M'khonde muli dziwe, anthu akuyenda atakwinya zovala. Akuti mukangoonekera akugwirani." Kenako anafunsa, "Achimwene akundimva?"

"Ndikumva, mlongo wanga."

"Lowani ndinu mudzamunyamule. Ndakhala ndikukuonani nthawi yonseyi. Galimoto yapendekeka, chipewa chagwa, akukulungani ngati paipi, koma chimene anakupatsani kuti mugwire simunachigwetse. Mwana wanga akufunika manja otero. Bambo akewo akhale pomwepo mpaka ndiwaimbire. Foni ndiye yadzaza."

Foni inaduka. Pulambala anatsala ataima, mafoni awiri m'manja, wopanda womuimbira.

"Alamu," anatero mlonda, "pali vuto. Mlongo wanga wati ndilowe. Inu munati ndisasiye waya."

"Usiyeni," anatero Pulambala ndi mawu a munthu wodwala. "Ulibenso ntchito."

"Sizitheka. Ku ntchito kwathu sitichoka pageti wotilandira asanafike."

Anatsika m'galimoto yopendekeka ija mosamala, mikono ili mbuu ndi tepi. Analanda foni yake ndi zala ziwiri, natenga manja a Pulambala, naika lina apa, lina apo, naukoka waya mpaka unawongoka. Kenako anatola chipewa chake, nachikung'untha, nachivala bwinobwino.

"Musaupinde, alamu, akafika pakona amaima. Ndipo kaya mumve khanda likulira, osasiya waya."