Malire a M'mutu mwa Che Atumani

Chaka chimenecho anthu anali akulowabe pa Chiponde kuthawa nkhondo ya ku Mozambiki. Che Atumani, ogulitsa usipa kwa Mponda, atangofika kuchokera kuchipatala anaona mkazi wawo Luisa, amene nayenso anabwera ndi nkhondoyo, akumanga mtolo.

"Ulendo wa kuti?"

"Simunamve adokotala? Akuti malire agwa."

"Malire ake ati iwe?"

"A pakati pa magazi ndi ubongo wanu. Akuti alonda ake atopa ndi BP, tsiku lililonse magazi abowola n'kulowa."

Che Atumani anaseka mpaka chisoti chinapendekeka. "Chinali chifanizo chabe! Amanena timakoma ta mitsempha. Ndipo ine sindikudwala."

"Kwathunso ankati n'chifanizo. Tinadzuka mudzi ukuyaka." Luisa anakoka mfundo ndi mano. "Alondawo ndi a boma kapena a kutchire?"

"Mulibe asilikali m'mutu mwanga!"

"Mayo ine! Athawa kale?"

"Sanakhalemo n'komwe!"

"Ndiye zaka zonsezi ndimagona pafupi ndi malire opanda mlonda?"

"Luisa, tamvera. Dokotala uja ndi mwana wa dzana. Akuti ndisiye mchere. Ine? Bambo anga ankadya mchere ngati mbuzi."

"Ali kuti pano?"

"Anangogwa mumzikiti, pakamwa n'kupotoka. Koma chinali chifuniro cha Allah!"

"Eya, ndiye kuti analowera kumeneko. Njira akuidziwa."

"Ndani?"

"Magaziwo!"

Mtsempha wa pachipumi pa Che Atumani unatupa. Luisa anauloza, akubwerera m'mbuyo.

"Onani! Afika pachipata!"

"Usandiloze, wallahi! Mapiritsi sindimwa, mchere sindisiya, kuchipatala sindibwererako!"

"Amuna anga oyamba ankayankhula chimodzimodzi. 'Sindichoka, nkhondo sifika kuno.' Ndinawakwirira ndekha ndi khasu lobwereka."

Che Atumani anagwira pachipumi, kenaka anapisa m'thumba la malaya, natulutsa piritsi n'kulimeza popanda madzi.

"Ndamwa. Waona? Alonda ako abwerera pantchito. Masula mtolowo, usandichititse manyazi pamudzi pano."

Luisa anaunyamula n'kuuika pamiyendo pa Che Atumani.

"Ine ndinathawa kale, zinandikwana. Umu muli zovala zanu, bambo. Adokotala anati mugonekedwe lero, inu n'kutulukira pazenera. Nyamukani, wothawa pakhomo pano ndinu."