Pepala limene foni ya a Simioni inkalidziwa

Malemu a Simioni Bonomali, achimwene anga amene agona apawa, anabadwa pa 9 Juni 1979 kufupi ndi Mandimba ku Mozambique. Nkhondo itafika povuta mu 1987, makolo athu anatiwolotsa malire kudzakhala kuno kwa Katuli. Eni mudzi anagawira minda mabanja makumi awiri ndi atatu othawa nkhondo, ndipo akatekisiti a nthawi imeneyo anajambula malire a mindayo pa pepala limodzi lalikulu. Umboni wathu unali wokhawo basi.

Sukulu anaiyamba mochedwa, mu 1989, koma mutu unali wakuthwa. Mu 2003 anatsiriza maphunziro a zoyeza malo, nayamba ntchito ku Mangochi. Mu 2006 anamanga banja ndi mayi Elina m'tchalitchi chathu chomwechi.

Mu 2021 kunabwera akampani ina, akuti minda yathu ilibe mwini. Titawaonetsa pepala lija anangoseka, poti linali litafwifwa, mopindamo mutang'ambika, madontho a mvula paliponse. Malemu zinawapweteka kwambiri. Zaka ziwiri anayenda wapansi munda ndi munda, kachipangizo ka GPS kali m'manja, kuyeza ngodya iliyonse. Zonsezo anazisunga mu foni, kenako anaiphunzitsa foniyo kuzindikira pepala lija. Mukailozetsa papepalapo, pagalasi pankatuluka malire ofiira, dzina la mwini munda ndi chithunzi cha mtengo wa m'malire, zonse zitagona ndendende pa mizere ya akatekisiti. Amayi athu a Conceição ataona munda wawo m'menemo anagwetsa misozi.

Mu Epulo chaka chino cha 2025 anayamba kudwala impso. Iwo ali kuchipatala, ine ndinachita chinthu chimene sindingachibise pamaso panu. Ndinachita manyazi kuti pepala lakuda chotero likaonekere ku komiti ya malo imene idzaweruze mlandu wa minda yathu. Ndinapita nalo kwa wolemba zikwangwani, anajambula lina lokongola ndi utoto, lakalelo ndinalisiya komweko ndipo linapsa ndi zinyalala. Kalanga ine! Sindinkadziwa kuti foni ija inkalizindikira pepalalo ndi madontho omwewo ndi mong'ambika momwemo. Pa pepala langa latsopanoli sikutuluka kanthu, kuli zii. Malemu atamva sanandikalipire, ngakhale anali munthu wosachedwa kupsa mtima. Anangondiuza kuti akachira adzakonza. Anatisiya Lachiwiri pa 12 Ogasiti.

Mlandu wa minda uli pa 28 mwezi uno. Tayenda nayo foniyi mpaka ku boma, palibe amene akuidziwa ntchito imene malemu anaikamo. Abale anga, ndisakunamizeni, ine chiyembekezo ndilibe.

Malemu asiya mayi Elina, ana awiri, Tikhala ndi Leticia, amayi athu okalamba, ndi ine mng'ono wawo wolakwa. Tikuthokoza anamwino amene anawasamalira, amayi a kwaya amene akhala nafe chiyambire, a Sadik amene anabweretsa thupi pa lole yawo pamsewu woipawu, ndi abale athu achisilamu amene agwira khasu limodzi ndi adzukulu athu.

Achimwene, pitani bwino, Mulungu akulandireni. Pamene tikukakugonekanipo pali m'kati mwa malo omwe akampani akufunawo, ndipo sitikudziwa ngati chaka chamawa adzatilola kudzalambula pamanda panu. Mzimu wanu uuse mumtendere.