Mbiri ya Bambo Ilaitia Naceba ndi makina awo amene sankagona pakhomo

Malemu anabadwa pa 9 Malichi 1963 m'mudzi muno mwa Delaivono, pachilumba chathu cha Taveuni. Dzina lawo anali Bambo Ilaitia Naceba, achitatu mwa ana asanu. Ine wowerengane ndine Apakuki, mkulu wawo. Si ine munthu wa mawu ambiri, choncho ndingonena zimene zinachitika.

Anayamba sukulu ya mishoni mu 1970, nalekeza mu 1978 bambo athu atamwalira. Mu 1981 analembedwa ntchito pa esiteti ya kokonati, yothandiza makaniko. Kumeneko anaphunzira kumasula injini ndi kuwotcherera zitsulo. Mu 1988 anamanga ukwati woyera ndi Mayi Salanieta a ku Kadavu. Esiteti itatsekedwa mu 1997, anabwerera kumudzi kudzalima kuphiri monga ife tonse, koko ndi kava, chomera chimene mizu yake timapangira chakumwa cha pamwambo.

Minda yathu mukuidziwa. Ndi yotsetsereka, yamiyala, yaing'ono. Mathirakitala ogulitsidwa mumzinda waukulu wa Suva sangakwereko, ndipo atakwera angagubuduke. Timakumba ndi foloko, zokolola timatsitsa pamsana. Mu 2009 mlamu wawo Mayi Losalini, akazi anga, anaterereka ndi thumba la koko nathyoka msana. Sanadzukenso. Pobwera kumanda malemu anandiuza kuti, "Achimwene, opanga makina aja sanaonepo phiri." Sabata yomweyo anayamba kutola zitsulo.

Ntchitoyo inawatengera zaka. Namondwe wa 2016 anasasula chisakasa chawo namwaza zonse, iwo nayambiranso. Mu 2018 makinawo anayenda. Anali ndi injini ya pampu yakale ya madzi, matayala awiri a njinga yamoto, tcheni, ndi mano achitsulo okumbira. Ankayenda chopingasa paphiri, munthu atagwira zogwirira kumbuyo, ndipo akamangirira kangolo ankatsitsa matumba mpaka kumsewu. Msuweni wathu Peniasi, amene ankanyozana nawo kuyambira ali ana, ataona anafuula kuti, "Msuweni, zaka zonsezi mwakhala mukufungatira nkhanu? Tiiphike kapena tiipezere mwamuna?" Dzina linakhala lomwelo. Makinawo ndi Nkhanu mpaka lero.

Mu 2019 malemu anakwera sitima ya pamadzi kupita ku Suva ndi zithunzi pafoni. Anakaonana ndi wamalonda wina wogulitsa zipangizo zaulimi. Iye anati, "Bambo, alimi a foloko sagula makina." Malemu anayankha kuti, "Sagula chifukwa palibe anawapangira." Wamalondayo anaseka, koma kenako anati abwere nayo Nkhanuyo aione ikukumba. Ikakumbadi, iye azipereka mainjini, malemu azipanga, ndipo azigulitsa m'zilumba zonse mpaka ku Vanuatu, kulikonse kumene munthu amalima paphiri. Chinatsala chinali chimodzi chokha: Nkhanu ikwere sitima.

Apa ndinene mosazungulira. Tili ndi mwambo wathu wa kerekere: wachibale akabwera modzichepetsa kudzapempha chinthu, sakanizidwa. Ndi mwambo wabwino. Ndi umene unatidyetsa namondwe atapita. Koma malemu atangofika kuchokera ku Suva anapeza Peniasi ali pakhomo ndi mizu ya kava m'manja, akuti, "Msuweni, mawa lokha basi." Mawa lija litatha, Nkhanu inapita kwa amalume, kuchoka kumeneko kwa apongozi a amalume, kenako kwa akumpingo. Inkabwera pakhomo pokhapokha tcheni ikaduka kapena dzino likathyoka. Malemu ankawotcherera osadandaula, ndipo chitsulo chisanazizire wina anali atakhala kale pamphasa kudikira. Amene ankati alimi safuna makina akanabwera kudzaona mzere umenewo. Sitima inkabwera, sitima inkapita.

Mwana wawo Vasemaca, amene anaphunzira kuwotcherera kwa iwo, anatopa nazo. Tsiku lina anati, "Ababa, muwauze kuti yafa. Tiibise kuthengo mpaka sitima ibwere." Iwo anamuyankha kuti, "Mwana wanga, ndikakana lero, adzandinyamula ndani?" Mwabwera ambiri. Pamenepo sanalakwe.

Mu Januwale 2024 mvula inagwa yosalekeza. Mbewu ya koko ya malemu inayamba kuwola isanabzalidwe. Nkhanu inali kwa Peniasi, kuseri kwa phiri. Mayi Salanieta anati atume munthu akaitenge, malemu anakana, nati wopereka saitanitsa. Anatenga foloko nalowa m'matope a munda wakumunsi opanda nsapato, ali ndi bala la chikwanje kuphazi. Anakumba sabata yathunthu.

Kenako anayamba kutentha thupi ndi kumva kuwawa m'akatumba. Ankati ndi kutopa chabe. Maso atafiira n'kusanduka achikasu, tinawanyamula kupita kuchipatala pa 2 Febuluwale. Madokotala anati ndi matenda a mkodzo wa makoswe, amene amakhala m'madzi a matope n'kulowera pabala. Anayesetsa, koma impso zinali zitaleka kale kugwira ntchito. Malemu anatisiya pa 6 Febuluwale 2024, ali ndi zaka 60.

Dzana Nkhanu inabwerera kwawo. Anaikankha yekha Peniasi kudutsa phiri, mafuta atatha, matope ali m'mano. Atafika pakhomo anagwada nalira kuti, "Msuweni, tadzukani mundinyoze." Banja silikumuimba mlandu. Akanapanda kukhala iye akanakhala wina mwa ife. Nkhanuyo ndi iyo ili pansi pa mtengo wa mango apo.

Malemu asiya akazi awo Mayi Salanieta, ana atatu, Vasemaca, Inoke ndi Litiana, zidzukulu zinayi, alongo awo awiri, ndi ine.

Banja likuthokoza mafumu, abusa ndi kwaya, anamwino amene sanachoke pambali pawo, anyamata okumba manda, amayi amene ali kumoto chifikireni, ndi nonse amene mwabwera ndi mphasa, nkhumba, koko ndi mano a namgumi, mphatso yaulemu waukulu pamwambo wathu. Mulungu akubwezereni.

Katsala kamodzi. Kuyambira dzulo, thupi lili m'nyumba, ena afika kale kwa mayi wamasiye kudzanong'oneza kuti mwambo ukatha abwerekeko Nkhanu. Sinditchula maina. Ndikudziwa kuti minda yanu ikudikira, ndipo misana yanu ikuwawa ngati wanga.

Ine chibadwire sindinapemphepo kanthu kwa aliyense wa inu. Lero ndabwera ndi mizu ya kava iyi, ndipo ndikuiika pamphasa pamaso pa mafumu. Sitima ya Lachinayi, Nkhanu ikwera pamodzi ndi Vasemaca kupita ku Suva. Kaya wamalonda uja akukumbukirabe, kaya sitolo yake ilipobe, sitikudziwa. Mwina mwanayu adzabwerera chimanjamanja. Komabe apite. Pempho langa ndi lakuti kuyambira pano mpaka sitima itachoka, pasapezeke munthu wofika pakhomo pano kudzapempha makinawa. Iyi ndi kerekere yanga. Mwambo mukuudziwa.

Bambo Ilaitia Naceba, mng'ono wanga, koko wanu tikamaliza kubzala ndife, ndi foloko. Inu pumulani. Mzimu wanu uuse mumtendere.