Nthutumba Imodzi, Mashado Awiri

Abusa ndi amayi busa, akulu ampingo, amayi anzanga a mapemphero a Lachinayi, ndi inu achinyamata mwadzaza kumbuyoko, moni nonse m'dzina la Ambuye wathu Yesu. Muli bwanji? Inenso ndili bwino, ndipo lero ndiye ndili bwino zedi.

Ndikufuna kuchitira umboni. Amene simundidziwa, ine ndine Nabanda, ndimakhala kuseri kwa phiri uko, njira yopita kwa Msakambewa. Abusa andiuza kuti ndisatalikitse, koma pakamwa panga amapadziwa. Ndiye abusa, mukaona kuti ndapitirira, mungotsokomola.

Abale, nthawi ya kampeni ija banja langa linatsala pang'ono kutha. Sunali mowa ayi. Sanali mkazi wina ayi. Abambo akunyumba, a Mbewe, awo aweramitsa mutu apowo, ndi munthu woti ngakhale nkhuku ikalowa m'nyumba amaipempha kuti ituluke. Banja langa linkatha chifukwa cha mbendera ya chipani yomangirira pansungwi.

A Mbewe kwawo ndi ku Ntchisi. Anabwera kwathu chikamwini kalekale, tabereka ana, ena mpaka ali pabanja. Malo amene tikukhala ndi munda umene timalima ndi za kwathu kuchikazi, ndipo mwini mbumba ndi alongo anga a Lingisoni, awo akhala pa benchi ya akulu ampingo. Nawonso aweramitsa. Musade nkhawa, onse awiri ndawapempha ndipo andilola kuti ndinene zonse.

Kampeni itayamba, a Lingisoni anasankhidwa kukhala tcheya wa chipani china m'dera mwathu. Sinditchula chipani, muno abusa anakaniza. A Mbewe mtima wawo unapita ku chipani chinanso. Tsiku lina ndikuchokera kumjigo ndinangoona nsungwi yayima pabwalo panga, mbendera ili petupetu. Ndisanatule n'komwe ndowa, alongo anga atulukira, opanda ndi odi yemwe. Anati nsungwiyo izulidwe msanga, chifukwa anthu aziti tcheya walephera kulamulira ngakhale pakhomo pa mlongo wake.

Mukudziwa munthu wofatsa akakana mmene amakanira. Salalata, amangoti phee. A Mbewe anayankha motsitsa kuti kusankha chipani ndi ufulu wa munthu aliyense. Alongo anga anawayang'ana kuyambira kuphazi mpaka kumutu, n'kunena kuti, "Ufulu wanuwo mukaupeza ku Ntchisi. Mukangomaliza kukolola, mulongedze. Pano mpa Abanda."

Amayi anzanga, inu mundimvetsa. Uyu mlongo wanga, tinayamwa bere limodzi. Uyu mwamuna wanga, bambo wa ana anga. Ndikadandaule kwa ankhoswe? Nkhoswe wangayo ndi yemweyo akuthamangitsa mwamuna wanga. Ndinati chabwino, ndipita nawo ku Ntchisi. A Lingisoni anakana, ati amayi athu akalamba, awasamala ndani. Ndinalira ine. Ndinaonda mpaka nsalu inkazungulira kawiri. A Mbewe anagulitsa mbuzi zawo, natumiza uthenga kwa abale awo kuti awasungire kamalo. Chimanga tinkakolola osayankhulana, chifukwa phesi lililonse tikagwetsa ndinkaona kuti tsiku likuyandikira.

Chodabwitsa n'chakuti onse awiri sankajomba kutchalitchi. Nyimbo imodzi, buku limodzi, Mulungu mmodzi, koma moni ayi. A Lingisoni akamayendetsa mbale ya chopereka, ikafika pa a Mbewe, ankayang'ana kudenga ngati akuwerenga malata. Ena munkaona, musaname.

Lachinayi lina ndinalephera kupirira, ndinawakhuthulira amayi busa zonse. Tinagwada ndi amayi anzanga, ndipo pemphero langa linali lalifupi. Ndinati Ambuye, ine ndale sindizidziwa, amene awine awine, koma mwamuna wanga asachoke. Abusa anawaitana awiriwa, wina payekha wina payekha. Aliyense ankangoti inde abusa, zoona abusa, tamva abusa. Akatuluka, nkhani ili pomwepo.

Kenaka inafika Sabata ya masika, tsiku lija timabweretsa zokolola kwa Mulungu. Tsopano tamverani mmene Ambuye amagwirira ntchito. A Lingisoni, osauza munthu, anakaitana shado wawo, uja ankapikisana pa mpando wa phungu, kuti adzakhale mlendo wolemekezeka. A Mbewe nawonso mwakachetechete anakaitana shado wawo. Onse awiri anavomera. Abusa anadzazimva kutatsala masiku ochepa, ndipo ife tonse tinati basi, masika a chaka chino athera kupolisi ku Dowa.

Koma abusa sanatekeseke. Anati khomo la tchalitchi silitsekera munthu, abwere onse. Anangoika malamulo: pasapezeke mbendera, pasapezeke nsalu ya chipani, ndipo mlendo asagwire maikolofoni kuti anene za mavoti. Amayi ena munavala nsalu zanu chotembenuza, nkhope ya bwana ili mkati. Ndinakuonani, koma lero sinditchula munthu.

Tsikulo magalimoto anakwera phiri, fumbi lili koboo, anyamata a uku akuimba zawo, a uko akuimba zawo. Atafika pachipata, abusa anawaimika onse n'kunena kuti nyimbo zimenezo zitsale panja pamodzi ndi fumbi. Mashado awiri aja anawakhazika pa benchi imodzi, n'kuwapatsa buku limodzi la nyimbo. Polalikira anatiuza kuti Mkhristu azikavota, asagulitse voti yake ndi mchere kapena sopo, ndipo akalowa mokavotera muja amakhala awiri okha, iye ndi Mulungu wake. Anatinso amene akuthamangitsa mbale wake chifukwa cha chipani asadzinamize kuti akutumikira dziko. Ine ndinasuzumira kwa alongo anga. Anali akuyang'ananso malata aja. Pomaliza abusa anapempha alendo aja kuti agwade, aliyense apempherere mnzake mokweza. Anagwada, masuti ali pasimenti, napemphera ndithu.

Ine ndinali m'gulu lophikira alendo kunyumba ya abusa. Mukukumbuka chaka chimenecho chitopa chinasesa nkhuku m'midzi yonse. Nyama ya mbuzi inalipo yambiri, koma nkhuku inapezeka imodzi yokha, ya amayi busa, imene anaibisa m'khitchini nthawi ya mliri. Ndipo mlendo wolemekezeka sungamulandire popanda nkhuku. Titaiphika, amayi busa anaima ndi chipande m'manja n'kufunsa kuti nthutumba tiika m'mbale ya ndani.

Ana a masiku ano mwina simudziwa. Nthutumba si nyama wamba. Imapita kwa mlendo wamkulu, ndipo amene waipeza m'mbale mwake amadziwa kuti pakhomo pano wolemekezeka ndi iye. Ife tinali ndi alendo aakulu awiri, nthutumba imodzi.

Sindikudziwa amene anakaulula. Tinangoona a Lingisoni alowa m'khitchini, mkulu wampingo wathunthu, tayi ili pakhosi, utsi uli m'maso. Ati nthutumba ndi ya bwana wawo chifukwa ndi wamkulu pa zaka. Asanamalize, a Mbewe nawo ali pakhomo, munthu amene chikwatirane sanapondemo m'khitchini. Ati ayi, bwana wawo ndiye wachokera kutali. Anayamba kukokanakokana pamwamba pa mphika, azibambo a imvi zawo. Amayi ena anathawira panja kukaseka. Ine sindinaseke, chifukwa ndinamva alongo anga akuti, "Inu alamu, zokolola zatha. Mawa lomweli ndisakuoneni."

Ndinangokhala pa nkhuni. Amayi busa anathira nkhuku yonse m'mbale imodzi, nthutumba pamwamba, navindikira, n'kundipatsa kuti ndikatule. Nthawi yomweyo uthenga unabwera kuti abusa akufuna amene anaitana alendo akasambitse alendo awo m'manja. Mmodzi anatenga jagi, wina beseni. Palibe akanachitira mwina, jagi popanda beseni madzi atayikira pa nsapato za bwana.

Tinalowa, ine kumbuyo ndi mbale yanga, n'kugwada pafupi ndi chitseko. Abale, zimene tinapeza m'menemo. Mashado aja avula majekete, akuseka mpaka kugundana mapewa. Akuitanana mayina a kusukulu. Kani anaphunzira limodzi kusekondale, ankagona chipinda chimodzi, ankabwerekana ndi nsapato zomwe. Wina akufunsa mnzake za mwendo wa amayi ake ngati unapola, winayo akuti ana akufunsa kuti amalume abwera liti. Awa ndi anthu amene pamsonkhano amanyozana mpaka ife kuno kuleka kupatsana moto.

Atasamba m'manja, abusa anapemphera navundukula mbale. Nthutumba ili poyera. Alongo anga ndi a Mbewe maso ali pomwepo. Shado woyamba anaikankhira kwa mnzake, ati idyani ndinu achimwene. Winayo anaibweza, ati ayi, aakulu ndinu. Inapita uku, inabwera uku, ngati palibe akuifuna.

Ndiye abusa anatenga mpeni n'kunena kuti, "Popeza alendo akukanirana, nthutumbayi adye amene amailimbirana kukhitchini. Ndinamva zonse, zenera linali lotsegula." Anaidula pakati.

Shado wa alongo anga anacheuka, nawayang'ana a Lingisoni bwinobwino, n'kufunsa kuti, "Pepani bambo, paja dzina lanu ndani?"

Tcheya wathunthu. Munthu amene anatha nsapato kuyenda m'mapiri muno kumemeza anthu, amene anali wokonzeka kupasula banja la mlongo wake. Ndinawamvera chisoni alongo anga, nkhope yawo inagwa ine ndikuona. Abusa sanabise kanthu. Anawauza alendo kuti awiriwa ndi pachilamu, ndipo uyu akuthamangitsa uyu pamudzi chifukwa cha inu. Kenaka shado wa a Mbewe anapukusa mutu nati, "Musatero bambo. Ife awiri, wina awine wina aluze, tikakumana ku Lilongwe tidzadyera mbale imodzi. Nanga inu mudzadya ndi ndani?"

A Lingisoni ndi a Mbewe anadya nthutumba ija, uyu theka uyu theka, ataimirira pamaso pa alendo. A Mbewe ankatafuna ngati ndi mwala. Alongo anga anameza osatafuna n'komwe, natuluka. Madzulo ake sitinawaone. Ine ndinati kaya, mwina manyazi awonjezera ukali. A Mbewe anali atamanga kale katundu wawo m'thumba.

M'mawa mwake tinamva odi pakhomo. Odi weniweni, waulemu. Kutuluka, ndi a Lingisoni, khasu paphewa, m'manja atanyamula chikombole choumbira njerwa. Anakhala pa mpando, napereka moni kwa alamu awo koyamba chiyambire kampeni. Anakanda kumutu nthawi yaitali, kenaka anati, "Alamu, dzulo ndagona ndi manyazi. Ndinachimwira Mulungu, ndinachimwira inu. Kanyumba kanu kaudzuka kandikwana. Tiyeni tiumbe njerwa, dothi labwino lili kuseri kwa khola langa."

Azibambo amene muli pachikamwini, inu mukudziwa tanthauzo lake. Mkamwini samanga nyumba ya njerwa zootcha, chifukwa sadziwa tsiku limene adzauzidwe kuti nyamuka. Zaka zonsezi a Mbewe ankangophoma ndi kufolera udzu, ine n'kumawanena kuti ndi aulesi, osadziwa kuti ndi mantha. Tsiku limenelo mwini mbumba anabwera yekha ndi chikombole. A Mbewe anangolowa m'nyumba, namasula thumba lija, n'kutulutsamo kabudula wogwirira ntchito. Ine ndinalira kachiwiri, koma kulira kwake kunali kwina.

Musaganize kuti wina anasintha chipani. Ayi ndithu. Ankaponda dothi limodzi akutsutsana za ndale mpaka dzuwa kupendeka, kenaka n'kumwera thobwa chikho chimodzi. Tsiku lovota anapita limodzi pa njinga imodzi, wina kupalasa wina kukwezedwa, aliyense n'kukachonga wake. Amene anawina musandifunse, chibwerere pa masika paja sitinamuonenso kuno.

Abusa, ndamva mwatsokomola, ndikumaliza.

Ndikuthokoza Mulungu amene anamva pemphero la mayi wosadziwa ndale. Ndikuthokoza inu abusa chifukwa simunagulitse guwa ili kwa munthu aliyense, ndipo simunaope kunena zoona pamaso pa mabwana. Amayi busa, zikomo chifukwa cha nkhuku yanu, Mulungu akubwezereni khola lodzaza. Amayi a Lachinayi, maondo anu sanapite pachabe.

Lachisanu lapitali talowa m'nyumba ija. Ya njerwa zootcha, ya malata, ndipo chitseko anakhoma ndi alongo anga ndi manja awo. A Mbewe, taimirirani anthu akuoneni. A Lingisoni, nanunso imirirani, musachite manyazi. Mpingo wa Mulungu, a Mbewe awa ndi amuna anga, ndipo sakupita kulikonse. Adzakalambira pakhomo panga. Azibambo ombani m'manja, achinyamata gwirani ng'oma, amayi anzanga ndithandizeni nthungululu, chifukwa ndekha sindingathe. Aleluya. Ameni.