Banga la pa Malaya Oyera

Malemu anabadwa pa 14 Ogasiti 1951, m'kachipinda ka lendi kuseri kwa sitolo ya zitsulo kumene bambo athu ankagwira ntchito ya ulonda. Iwo ndiwo anali oyamba kubadwa mwa ana asanu. Ine amene ndaima panoyu ndine mng'ono wawo wotsiriza, ndipo banja landituma kuti ndikuuzeni mbiri yawo. Koma ndiyambe ndi chimene chakusowetsani mtendere. Poona nkhope m'mawa uno, ambiri mwaona banga lofiirira pa malaya oyera amene malemu avala, mmunsi mwa kolala. Manong'onong'o ndawamva. Ena mwati ana awo ndi osasamala, ena mwati kapena sopo anasowa. Sopo alipo, abale anga. Bangalo lili apo mwadala, ndipo ndikamamaliza mukhala mutadziwa chifukwa chake.

Anayamba sukulu mu 1958. Amayi athu ankatiuza kuti mwana ameneyu akalakwitsa chilembo chimodzi ankang'amba tsamba lonse n'kuyambiranso, moti makope awo ankatha chaka chisanafike pakati. Mu 1965 analowa kalasi ya chikhristu, ndipo m'chaka chomwecho munachitika chinthu chimene chinawatsata mpaka ukalamba. Tsiku lina la Mgonero, mapemphero atangotha, kalipentala wina wa mumpingo anagwa pakhomo la tchalitchi n'kumwalira pomwepo. Lero tikanati kunali kuthamanga kwa magazi. Masiku amenewo akuluakulu ananena kuti munthuyo anadya Mgonero ali ndi tchimo mumtima. Malemu anali ataima pafupi. Anaona nsapato ya bamboyo itavuka phazi limodzi, ndipo za nsapato imeneyo anandiuzabe chaka chino ali pabedi.

Atamaliza sekondale, mu 1971 analembedwa ntchito pa fakitale yopanga mbale ndi makapu. Malo awo anali kumapeto kwa lamba amene amabweretsa katundu kuchokera ku ng'anjo, m'chipinda chachitali chotentha, cha mawindo a m'mwamba. Ankanyamula kapu, kuitembenuza kowala, kenako kuigogoda ndi kachitsulo. Kapu yabwino imalira bwino, koma ya mng'alu wobisika imamveka ngati yatsamwa. Khutu lawo silinkanamizika. Kapu imene inu ndi ine tikanamwera tiyi mosangalala, iwo ankaiponya m'diramu la zosweka. Anzawo ogwira nawo ntchito anawapatsa dzina loti a Bwerezani, chifukwa mawu amenewo sankachoka pakamwa pawo, ndipo ambiri a inu mumawadziwa ndi dzina lomwelo.

Pa 20 Novembala 1976 anamanga banja ndi alamu anga, mayi akhala apawa, amene pa nthawiyo ankasoka zovala pakhonde la sitolo ina. Mulungu anawapatsa ana anayi. Ana inu mukudziwa mmene kuyala bedi kunalili m'nyumba mwanu. Ine ndinawapentera chipinda chochezera ulere, ndi mtima wabwino, koma anafika n'kuyendetsa chikhatho pakhoma, ndipo Loweruka lotsatira ndinabwereranso ndi bulashi. Anali munthu wovuta, tisabise. Koma sanagoneke mwana ndi njala, ndipo sanakwezepo dzanja pa mkazi wawo.

Mu 1983 mpingo unawasankha kukhala mkulu, n'kuwapatsa makiyi a tchalitchi. Kuyambira pamenepo ndiwo ankatsegula, ndiwo ankatseka. Belu ankaimba ndi iwo. Wodwala akagonekedwa m'chipatala, nthawi zina ankafika iwo achibale asanafike. Kusala kudya kunali ngati chakudya chawo. Ndiwonso ankakonza Mgonero: kusita nsalu ya pagome, kudula mkate, kuthira vinyo m'timakapu popanda dontho logwera pambali, n'kunyamula thireyi kuyenda nayo benchi ndi benchi. Tonse tinkanena mawu amodzi, ndipo dzulo ndinawamvanso pano: ngati awa sakalowa kumwamba, palibe adzalowe.

Tsopano ndikuuzeni chimene ankachidziwa ndi mayi okha. Sindikuulula chinsinsi cha munthu amene sangadziyankhire. Anandilamula ndi eni ake, pamaso pa mayi ndi abusa, kuti ndidzanene pano.

Kuchokera chaka chimene anakhala mkulu wa mpingo mpaka chaka chino, malemu sanadyepo Mgonero.

Mukudziwa mmene timachitira. Akulu akamaliza kugawira anthu, amabwerera kutsogolo n'kukhala pansi, ndipo abusa amawapatsa iwo pomalizira. Pa nthawi imeneyo malemu ankazemba mwakachetechete kulowa m'chipinda cha kuseri, ati kukatereka madzi otsukira makapu. Abusa ankabwera n'kusamuka, aliyense akuganiza kuti munthu wa Mulunguyu amalandira yekha pambuyo pake. Nanga ndani akanakayika munthu wonyamula thireyi? Ine ndemwe ndinalandira kapu kuchokera m'manja mwawo zaka zonsezi osazindikira kanthu.

Mayi akuti Loweruka lililonse loti mawa lake ndi Mgonero ankakhala m'mphepete mwa bedi atagwira tsaya, akudzigogoda ngati kapu ya ku fakitale. Ndipo nthawi zonse ankamva mng'alu. Mwezi uno ndi mawu okhadzula amene anayankha mnzawo kuntchito. Mwezi winawo ndi kaduka, winawo ndi kunyada poona kuti anthu akuwayamika. Akatero ankati adya mwezi wamawa akadzikonza, n'kuwonjezera ntchito ina pamwamba pa zimene anali nazo kale. Mayi akawadandaulira, ankawakumbutsa za kalipentala uja. Ankakhulupirira kuti Mulungu waima kumapeto kwa lamba ndi kachitsulo m'manja, ndipo khutu lake ndi lakuthwa kuposa lawo. Ntchito zonse zimene tinkaziona zija, abale anga, sizinali za munthu wokondwa. Anali munthu wothawa.

Anapuma pa ntchito mu 2011. Tinkaganiza kuti tsopano akhala pansi, koma tchalitchi chinangosanduka nyumba yawo. Mu Novembala 2022 anagwa m'chipinda cha kuseri chija akusita nsalu ya pagome, ndipo amene anawapeza ndi mayi wosesa atamva fungo la nsalu yopsa. Madokotala anati ndi sitiroko. Mbali ya kumanja inafa, dzanja la kumanzere linkangonjenjemera, ndipo mawu ankatuluka mokoka. Atatulutsidwa m'chipatala, akulu anzawo anabwera kudzatenga makiyi. Anawapempha mwaulemu wonse, koma malemu analira ngati mwana.

Miyezi yotsatirayo inali yoopsa, ndipo sindikufuna kuikongoletsa. Munthu amene moyo wake wonse unali m'manja, manjawo anangoti lobodo pa bulangeti. Bedi lawo linali pafupi ndi windo, ndipo belu likalira, loimbidwa ndi munthu wina, thukuta linkawatuluka. Ankaopa kutseka maso ngakhale masana. Chitseko chikatseguka ankadzidzimuka ngati abwera kudzawatenga. Funso lawo linali limodzi, kwa aliyense wolowa: kodi ntchito zanga zakwana? Ambiri a inu munabwera kudzawaona, ndipo tikuthokoza. Munkawatonthoza powakumbutsa odwala amene anawayendera ndi maliro amene anaika. Munkachita ndi mtima wabwino, koma mukachoka ankanjenjemera kuposa poyamba. Anandiuza kuti ntchito iliyonse imene munkatchula, iwo ankadziwa mng'alu wake, ndipo tsopano analibe manja oti abwereze.

Amene anawasamala masiku onsewo ndi mwana wawo woyamba, mayi wa saluni wakhala pambali pa amayi akeyo. Andikhululukire, koma tonse tikudziwa kuti uyu kutchalitchi amafika nyimbo yomaliza ili pakati, ndipo bambo ake anamuyimba mlandu umenewu kwa zaka zambiri. Iyeyu anatseka saluni. Ankawasambitsa, kuwatembenuza, kuwameta ndevu, ndi kuwadyetsa ndi supuni pang'onopang'ono, akuwapukuta pakamwa.

Mu Malichi chaka chino mayi analephera kupirira, ndipo anapita kukawauza abusa athu zonse. Abusa anabwera masana ena ndi kabokosi ka Mgonero wa odwala. Malemu anavekedwa malaya oyera n'kutsamiritsidwa pa mapilo. Ine ndinalipo. Abusa analankhula modekha. Anati chipulumutso si malipiro a pa mwezi, anati ntchito imene imatipulumutsa inagwiridwa kale pa mtanda ndipo munthu sangawonjezerepo kanthu, anati chikhulupiriro n'kulandira chimene wapatsidwa, ndipo ntchito zabwino zimabwera pambuyo ngati zikomo. Malemu anamvetsera mpaka pomaliza. Mawu amenewa sanali achilendo kwa iwo, poti anawaphunzitsa okha m'kalasi ya chikhristu zaka zambiri. Anayankha kuti amawadziwa, koma amagwira ntchito pa anthu ena. Abusa atabweretsa mkate pafupi, analuma mano. Maso anatuzuka, chifuwa chikukwera n'kutsika. Ine ndinaopa kuti tiwapha ndi mantha, ndipo ndinatsala pang'ono kuwauza abusa kuti tisiye.

Pamenepo mwana wawo uja anapempha mkatewo kwa abusa. Anakhala pa mpando umene ankakhalapo powadyetsa, n'kulankhula ndi mawu omwewo a masiku onse.

"Bambo, miyezi yonseyi ndakhala ndikukudyetsani. Munandigwirira ntchito yanji? Inu mumangoyasama basi. Yasamani."

Malemu anamuyang'ana nthawi yaitali, misozi ikutsikira m'makutu. Kenako anayasama.

Mkate unalowa. Koma pomwa vinyo, mlomo wa mbali yakufa ija sunagwire, ndipo vinyo wina anatsikira pachibwano mpaka pa malaya. Munthu amene sanadonthezepo pa nsalu ya pagome anadzionera banga pachifuwa pake. Nkhope imene ndinaiona pamenepo sindidzaiwala. Anatseka maso mwamphamvu, kudikira zimene zinamuchitikira kalipentala. Ifenso tinadikira nawo, osapuma bwino. Wotchi ya pakhoma inkangogunda. Panja panadutsa galimoto, kwa aneba mwana ankalira. Palibe chinachitika. Patapita nthawi anatsegula diso limodzi, kenako linalo, n'kufunsa ngati m'fulasiki munatsala tiyi.

Abusa atapita, mayi anawavula malayawo kuti akawaviike banga lisanalowerere. Malemu anawagwira ndi dzanja lonjenjemera lija.

"Musachape," anatero. "Mudzandiveke omwewa."

Ndikanama ndikati mantha anatheratu tsiku limenelo. Chinthu chimene munthu wakhala nacho kuyambira ubwana sichisamuka masana amodzi. Masiku ena ankadzuka ali phee, masiku ena thukuta lija linkabweranso. Anapempha kuti malayawo apachikidwe pa chitseko cha kabati, moyang'anana ndi bedi, ndipo mantha akawagwira ankayang'ana pamenepo mpaka mpweya utabwerera. Pa 9 Meyi 2023, dzuwa litapendeka, anafunsanso funso lija ndi mawu otsika kwambiri, kuti kodi zakwana. Mayi sanatchule belu, makiyi kapena odwala. Anangoloza malaya aja. Malemu anayang'ana, n'kugwedeza mutu pang'ono, ndipo anatisiya maso ali komweko.

Anandiuza kuti pa maliro awo ndisadzataye nthawi n'kutchula ntchito zawo. Mwamva nokha kuti ndazitchula ndithu, ndipo akanati adzuke m'bokosimu akanandiuza kuti ndibwereze. Koma uthenga umene anandipatsa ndi uwu. Anati pakati panu pangakhale wina wonga iwo, wofika molawirira, wochoka mochedwa, woyamikiridwa ndi onse, koma mumtima akuthawa. Anati ndimuuze munthu ameneyo kuti asadikire sitiroko. Ine sindikudziwa kuti ndi ndani. Ndikungodziwa kuti bokosi ngati ili likudikira aliyense wa ife, ndipo zimenezi zikundiopsa ine ndemwe pamene ndaima pano.

Malemu asiya mkazi wawo, ana anayi, zidzukulu zisanu ndi ziwiri, mlongo wawo mmodzi ndi ine. M'malo mwa banja ndikuthokoza madokotala ndi anamwino amene anawasamala, abusa athu ndi akulu a mpingo, amayi amene mwakhala nafe chiyambire tsiku la zovutali, anzawo akale a ku fakitale amene mwanyamula bokosi, aneba amene mwatibwereka mipando, ndi nonse amene mwasiya ntchito zanu kudzatipepesa. Mwana wathu wa saluni, bambo ako anandiuza kuti ndikuthokoze pagulu, poti iwo pakamwa panali polemera.

Akulu a mpingo, munafuna kuti tiike m'bokosi satifiketi ya utumiki imene munawapatsa. Pepani, eni ake anakana. Apita alibe kanthu m'manja, atavala malaya a banga.

Akulu anga mwagona m'bokosimu, palibe choti mubwereze. Gonani, ndipo mzimu wanu uuse mu mtendere.