Majekeseni a Galimoto ya Apongozi

Apongozi aamuna anali ndi galimoto yakalekale yofiira, ya mipando iwiri komanso yopanda denga, imene inakhala m'garaja zaka khumi ndi chimodzi osayenda. Loweruka lina akazi awo anagamula kuti ikapanda kutuluka pageti mwiniwake akuyendetsa, masana omwewo lole ya ogula zitsulo idzainyamula. Ndipo atamva amuna awo akung'ung'udza za majekeseni, anaimbira foni mkamwini wawo, dokotala wa ziweto.

Mkamwini anafika ndi chikwama chake cha ntchito, navula chipewa pakhomo la garaja.

"Odi, bambo. Wodwalayo ali kuti?"

"Wodwala wanji?" anafunsa apongozi, mutu uli m'boneti.

"Amayi akuti kuno kukufunika jekeseni."

"Kuno sikukufunika jekeseni. Majekeseni alimo kale, sikisi."

Mkamwini anaika chikwama pansi pang'onopang'ono.

"Sikisi? Tsiku limodzi? Anabaya ndani?"

"Inabadwa nawo!" Apongozi anatulutsa mutu, chipumi chili bii ndi girisi. "Tabwerani muone. Pampu imakankha petulo kuchokera kuthanki. Petuloyo amafika pa chitsulo ichi, chitsulochi n'kumugawa m'mapaipi sikisi awa. Kumapeto kwa paipi iliyonse kuli jekeseni wopopera m'injini. Mwamva?"

Mkamwini anasuzumira, nagwedeza mutu movomereza.

"Ndamva, bambo. Ndi bere."

"Mwati chiyani?"

"Bere ili. Kungoti la ng'ombe limakhala ndi nsonga zinayi. Iyi ndi ya mtundu wina."

"Ndi galimoto iyi, mkamwini!"

"Pepani, bambo. Kudya ikudya?"

"Kudya ndiye musanene. Inkadya mafuta ngati yatumidwa."

"Komaliza inadya liti?"

"Chaka chimene munakwatira mwana wanga."

Mkamwini anawerenga zala, zala zinatha, nabwereka china.

"Ndiye ndi yopirira," anatero mwaulemu, akusisita chitseko cha galimoto.

"Vuto ndi pampu," anatero apongozi. "Ndinanena kalekale."

"Bwanji osasintha?"

"Ndasintha katatu."

"Mapampu onse atatu anali odwala?"

"Onse. Zinthu za masiku ano. Basi, m'malo mondifunsa ngati tili kukhoti, tailizeni. Ine ndikhala ndikumvetsera kuno."

Mkamwini anazengereza pang'ono. Kenako anagwada pafupi ndi nyali yakutsogolo, nayamba kunong'ona.

"Iwe, lole ikubwera. Akakuchotsa matayala. Akakudula pakati. Anzako onse anafa kalekale, watsala wekha."

"Mukutani apo?"

"Mwati ndiilize, bambo. Ndayamba ndi uthenga wachisoni. Ikapanda kulira ndiitsina."

"Aaa, inu! Lowani mutembenuze kiyi!"

Mkamwini analowa, nazula kiyi, namutembenuza pachikhatho.

"Mbali inoyi kuli nambala, bambo. Ndiwerenge?"

Apongozi anayang'ana kudenga.

"Bwezerani kiyiyo pamalo pake. Mumupotokole ngati mukutsegula loko."

"Ohoo, mukanatero."

Injini inatsokomola, khofo! khofo! Galimoto yonse inanjenjemera ngati yagwidwa malungo, utsi wakuda uli tolotolo kumbuyo. Apongozi anakuwa mpaka ndudu imene ankasuta inagwa pakamwa.

"Yavomera! Pondani moto! Pondani moto!"

Mkamwini analumpha chitseko, nathamangira kutsogolo, naponda ndudu ija ndi nsapato, n'kuipekesa bwinobwino. Injini inatsokomola komaliza n'kuti zii.

"Wazima, bambo. Pafupi ndi petulo chonchi, tikanapsa tonse."

Apongozi anakhala pa tayala lakale limene linali pakona.

"Mwana wanga anakupezani kuti, inu?"

"Pamzere wa katemera wa agalu, bambo."

"Sindimafunsa."

"Munakweza mawu kumapeto, ndiye ndimati ndi funso."

Kunja kunkamveka mayi a pakhomo akusesa ndi tsache njira yochokera pageti kufika kugaraja, kuti lole isavutike.

"Bambo," anatero mkamwini, "ndingaigwireko mitsempha?"

"Ilibe mitsempha."

"Mapaipi aja."

"Gwirani. Gwirani chilichonse. Muiike ndi choyezera kutentha, ngati mungapeze poika."

Mkamwini anatsegula chikwama, nayamba kuzungulira chakumbuyo kwa galimoto.

"Bwererani kuno! Gwirani mapaipi okhawo!"

Apongozi anawerama pamwamba pa chitseko napotokola kiyi ali panja. Injini inayambanso kutsokomola. Mkamwini anatseka maso, nagwira paipi yoyamba ndi zala ziwiri.

"Iyi ikugunda."

"Ndi pampu."

"Yachiwiri ikugunda. Yachitatu ikugunda. Yachinayi ikugunda mofooka, koma ili moyo."

"Ndikuti ndi pampu."

"Yachisanu..." Mkamwini anatsegula maso, nagwira pachifuwa. "Bambo, khalani pansi. Yachisanu yatisiya."

"Paipi siifa!"

"Yazizira, siikugunda. Kwathu kuntchito timati yafa. Yachisikisi nayo ikutsatira."

"Mapaipi amenewo ndi a kufakitale. Sindinawagwirepo chigulire galimotoyi."

"Zikuoneka, bambo. Tandibwerekani sipanala."

"Simugwira kanthu apa."

"Chabwino, bambo."

Mkamwini anaika manja kumbuyo n'kuima njo. Anaima choncho. Apongozi anayang'ana pampu, nayang'ana wotchi, nayang'ananso pampu. Tsache lija linali litafika pakhomo la garaja.

"Mwaima bwanji?"

"Mwati ndisagwire kanthu."

"Nayi sipanala. Koma mukudzivutitsa, ndi pampu."

Mkamwini anamasula jekeseni wachisanu, namutulutsa paipi ili chilumikizire, namuimika kuloza kumwamba. Anamuyang'ana ndi diso limodzi, namugogoda ndi chala, tho! tho! tho!

"Mukumumenyeranji?"

"Muli mpweya. Jekeseni wokhala ndi mpweya sitibayira ngakhale mbuzi ya mdani. Potokolani kiyi, bambo."

Injini inatsokomola. Kunsonga kwa jekeseni kunatuluka thovu, kenako dontho, kenako thovu lina. Mkamwini anakoka kansongako ndi chikhadabo, ndipo petulo anati fuu! ngati nkhungu, molunjika pamagalasi a apongozi.

"Watuluka," anatero mkamwini. "Pepani magalasiwo."

Anachita chimodzimodzi ndi wachisikisi, nabwezera onse awiri, namanga. Apongozi, osaona bwino, anapapasa kiyi napotokola.

Garaja yonse inagwedezeka. Zitini za penti zinavina pashelefu, galu wa oyandikana nawo anayamba kuuwa. Injini inabangula mosalala, mawu amene anali asanamveke pakhomopo zaka khumi ndi chimodzi. Panja tsache linaleka.

Apongozi anavula magalasi, napukuta maso ndi nsalu ya girisi.

"Mwaona?" anatero. "Pampu yachitatuyi yazolowera."

"Yazolowera, bambo."

Pomwepo pageti panamveka hutala ya lole, piiip!

"Tsegulani zitseko zonse!" anakuwa apongozi. "Aone okha ogula zitsulowo!"

Anatsegula kachitseko ka galimoto, nalowetsa mwendo umodzi, natsitsa thupi. Thupi linatsika pang'ono n'kuima. Mimba inali itatsamira chiwongolero, msana utakanirira kumpando, mwendo wina uli panja ukupalasa m'mwamba.

"Mpandowu wafupika," anatero apongozi.

"Mipando siifupika, bambo."

"Ndiye chiwongolero chatupa."

"Komaliza munakhalamo liti?"

"Chaka chomwecho cha ukwati wanu."

Mkamwini anayang'ana mimba ija monga amayang'anira ziweto pamsika.

"Pamenepa ndiye kudya kwakhala kukuyenda bwino."

"Musandiyeze ndi maso! Ndithandizeni!"

"Mwati ndisagwire kanthu."

"Zija zinatha!"

Lole inalizanso hutala, ulendo uno kawiri. Kunamveka mawu a mayi a pakhomo akuuza dalaivala kuti adikire mphindi zisanu zokha, osapitirira. Apongozi anayesa kutuluka, zinakanika. Anayesa kulowa, batani la malaya linathothoka n'kukagunda galasi lakutsogolo. Anapumira m'mwamba, thukuta lili kamukamu.

"Mkamwini."

"Bambo."

"Kuntchito kwanuko... mwana wa ng'ombe akakanirira panjira chonchi, mumakoka kapena mumakankha?"

Mkamwini anaganiza mofatsa, akupinda manja a malaya.

"Zimatengera kumene akupita, bambo. Onse amene ndinathandizapo amakhala akutuluka. Wolowa sindinamuonepo."

Apongozi anagwira chiwongolero ndi manja onse awiri, nakoka mpweya wonse kubweza mimba, natseka maso.

"Lero mumuona, adokotala. Kankhani."