Ghislain Verhelst, Amene Anafa ndi Khadi la Mkulu Wawo

Bambo Mfumu, anamfedwa ndi nonse mwabwera, ine ndine Omer Callewaert, dalaivala mnzawo wa malemu kwa zaka makumi awiri. Pepala limene a Remi, mkulu wa malemu, anandipatsa kuti ndiwerenge lili m'thumbamu, ndipo likhala momwemo. Ndiwerenga limene tinalemba ndi akazi a malemu, a Godelieve.

Malemu a Ghislain Verhelst anabadwa m'chaka cha 1967 konkuno ku Lichtervelde, m'banja la ana awiri. Woyamba ndi a Remi, amene mukuwaona pa benchi yakutsogoloyo atavala magalasi akuda. Malemu sukulu anayambira konkuno, kenaka anakaphunzira umakaniko ku Torhout. Bambo awo atamwalira mu 1989 anasiya mathiraki atatu. A Remi anatenga ofesi, a Ghislain anatenga chiwongolero, kugawana chuma n'kuthera pomwepo.

Mu 1993 malemu anamanga banja ndi a Godelieve m'tchalitchi muno, ndipo Mulungu anawapatsa mwana mmodzi, Annelies. Ankaimba lipenga m'bandi ya m'mudzi, ngakhale kuti zaka khumi zapitazi lipengalo langokhala pamwamba pa kabati. Ku Misa ankabwera akapezeka, koma ulaliki sankaumva. Akangokhala pansi, mutu zyoli, mkonono n'kuyamba. Tinkawaseka, kumawatcha Bambo Tulo, ndipo woseka kwambiri ndinali ine. Lero manyazi andigwira.

Ntchito yawo inali yotuta mbatata ya kachewere kuchokera ku minda ya ku France kupita nayo ku fakitale ya chipisi. Dalaivala aliyense ali ndi khadi la dzina lake, limene amalowetsa m'makina a m'thiraki kuti alembe maola amene wayenda. Maola akakwana, lamulo likuti ima, ugone. Komatu a Remi nawonso ali ndi khadi, chonsecho thiraki anasiya kuyendetsa kalekale. Maola a malemu akatha, ankachotsa khadi lawo n'kulowetsa la achimwene awo, ulendo n'kumapitirira. Makina ankaona anthu awiri opuma mokwanira, pamene pampando panali munthu mmodzi yemweyo.

Chaka chatha dokotala anawapeza ndi matenda obanika kutulo, nawauza kuti asiye kaye maulendo ataliatali. Kalata ya dokotalayo anakapereka ku ofesi ine ndili pomwepo. A Remi anaiwerenga n'kuiponya patebulo.

"Iwe, mkonono unayamba liti kukhala matenda? Imwa khofi. Tulo udzagona kumanda."

Malemu anangoti, "Chabwino, achimwene."

Komatu a Remi onyoza tulowa ndi munthu amene amatseka makatani pa khola la nkhunda zake za mpikisano kuti zigone bwino. Ukangoliza thiraki pafupi ndi kholalo, amakutukwana mpaka kukutchulira amayi ako.

Lachinayi pa 14 Okutobala, cha m'ma 2 koloko masana, kunja kuli kowala, msewu wouma ndi wowongoka, thiraki ya malemu inapatuka pang'onopang'ono n'kukaomba chipilala cha mlatho pafupi ndi Kortrijk. Pamsewu panalibe ngakhale kamzere ka mabuleki. Anali atayenda maola khumi ndi asanu ndi limodzi. Anamwalira pomwepo ali ndi zaka 54. Nkhope sinkazindikirika, choncho apolisi anatulutsa khadi m'makina muja n'kuwerenga dzina: Remi Verhelst.

Apolisiwo atafika pageti la a Remi anakumana ndi a Godelieve, amene amakhala m'nyumba yoyang'anizana ndi ya a Remiwo. Anali atanyamula poto wa supu, poti Lachinayi lililonse amawaphikira alamu awowo, amene sanakwatire.

"Mayi, ndinu achibale a Remi Verhelst? Pepani kwambiri, atisiya pangozi."

Poto anagwa. Analiratu mayiwa, kulirira alamu awo ndi mtima wonse. "Mayo ine! Ghislain ndikamuuza bwanji? Mbale wake ndi yekhayu!" Anatenga foni kuimbira amuna awo. Inangoitana osayankhidwa. Anaimbanso. Akuimba kachitatu, a Remi anatulukira kuseri kwa nyumba, chitini cha chimanga cha nkhunda chili m'manja.

A Godelieve anawayang'ana alamu awo, kenaka anayang'ana foni imene inali ikuitanabe. Sanafunikire wowauza. Ndipo mawu oyamba a Remi, atamva nkhani yonse, mayi wamasiye ali chiimire pambali pawo, anali akuti, "Bwana, khadi limenelo anachita kundibera ameneyo. Ine sindikudziwapo kanthu." Sanafunse n'komwe kuti mtembo uli kuti.

Pepala lili m'thumbali likuti malemu anali munthu wokakamira ntchito, wosamva malangizo. Kupolisi alembedwa kuti anali wakuba. Ayi, anthuni, bodza limenelo sitiwaika nalo m'manda. Khadi lija inenso ndayenderapo kosawerengeka, ndipo ankachita kundipatsa m'manja ndi a Remi eni akewo. Mawa m'mawa ndikanena kupolisi. Laisensi andilande, ntchito ithe, zilibe kanthu. Ndinatseka pakamwa zaka zonsezi, ndipo zotsatira zake ndi bokosi ili.

Malemu asiya mkazi, a Godelieve, mwana mmodzi, Annelies, ndi zidzukulu ziwiri, Wout ndi Fien, zimene zimawadziwa agogo awo ngati munthu wogona pa sofa atavala nsapato. Asiyanso mkulu wawo, a Remi, amene anamwalira kwa maola awiri Lachinayi lija n'kuuka ali bwinobwino.

A Remi, munati mng'ono wanu tulo adzagona kumanda. Tikupita nawotu. Chonde musawadzutse.

Apumule mu mtendere.